Nanzikambe wamkazi akakanika kuikira mazira

Ambiri a ife kuno ku Joni sitinabwerere kudzaweta nanzikambe, koma ntchito ya m'nyumba ndi ya kugadeni siisankha. Mwana wa abwana wagula nanzikambe kusitolo ya ziweto, wamuika m'khola lawaya pakhonde, ndipo Disembala akafika banja lonse lanyamuka wa kunyanja, kanyamako n'kukasiya m'manja mwanu. Aliponso achinyamata athu ena amene ayamba kuweta okha chifukwa chongomukonda. Nonsenu ndikufuna tikambirane za vuto limene limapha ananzikambe aakazi ambiri a m'makola, lomwe ndi mazira kukanirira m'mimba.

Kwathu tinakula tikumva kuti kalilombe sabereka kawiri. Amati nthawi yake ikakwana amakwera kunsonga kwa mtengo n'kudzigwetsa, mimba phuli, ana n'kutuluka, iye n'kufera pomwepo. Nthanoyi imakoma madzulo pamoto, koma tisalowe nayo m'khola. Munthu amene anaikhulupirira akaona nanzikambe wamimba ali gone pansi, maso ali tseke, amangoti ndi mmene amaberekera. Sichoncho ayi. Wathanzi amakumba una, kuikira mazira, kukwirira, n'kukweranso mumtengo kukasaka ziwala. Akafa ndi mazira m'mimba ndiye kuti china chake chinasowa, ndipo nthawi zambiri chosowacho ndi chinthu chotchipa zedi: ndowa ya mchenga.

Amene mungamuone kawirikawiri m'nyumba za kuno ndi uja wa chisoti chachitali pamutu, amene m'masitolo amamutcha veiled chameleon, wochokera ku Yemen ndi Saudi Arabia. Wina ndi panther wa ku Madagascar. Choyamba dziwani ngati wanuyo ndi wamkazi. Kwa wachisotiyu n'kosavuta: yang'anani kuchidendene kwa miyendo yakumbuyo. Wamwamuna amakhala ndi kanyama kotumphuka pamenepo kuyambira tsiku limene waswedwa, wamkazi alibe. Musaope kumuyandikira, nanzikambe alibe ululu ndipo salodza munthu.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti wamkazi amapanga mazira ngakhale sanaonepo mwamuna, monga zimachitira nkhuku zamazira zopanda tambala. Wachisoti amatha kuyamba ali ndi miyezi 6 yokha, ndipo ulendo umodzi amatha kuikira mazira pakati pa 30 ndi 80. Choncho mawu oti "wathuyu amakhala yekha, sangakhale ndi mazira" asakupusitseni.

Mazira akakhwima, mimba imatupa makamaka chakumiyendo yakumbuyo, nthawi zina timibulu n'kumaonekera pakhungu. Amachepetsa kudya kapena kusiyiratu kwa masiku angapo. Nyama imene imakhalira m'mwamba imayamba kutsika pansi, kuzungulirazungulira, kupalasa dothi la mumphika wa maluwa. Ngati anakumana ndi mwamuna, thupi limada n'kutuluka madontho achikasu ndi abuluu, ndipo amaikira pakatha masiku 20 mpaka 30. Zonsezi si matenda. Akungofuna pokumba.

Tengani ndowa ya malita 20, muitsuke bwino, muboole timabowo pansi kuti madzi asadikhe. Muthiremo mchenga wotsuka, uja amagulitsa kumahadiweya kuti ana aziseweretsa. Mukhoza kuusakaniza theka ndi theka ndi dothi wamba lopanda feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo. Mchenga wotsala pomanga, umene wakhudzana ndi simenti, usayandikire. Kuya kwa mchengawo kukhale masentimita 25 mpaka 30, chifukwa nanzikambe amakonda kukumba mpaka atagunda pansi ndiye mtima wake ukhale m'malo.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa chinyontho. Thirani madzi pang'onopang'ono mukusakaniza ndi manja. Kenako tengani supuni mukumbe kauna kopendekeka mpaka pansi pa ndowa. Kakagumuka ndiye kuti mchenga wauma, onjezani madzi. Mukafumbata mchenga madzi n'kudontha pakati pa zala, ndiye kuti mwachulutsa, onjezani wouma. Woyenera ndi umene una wake umaima wosagwa, ndipo mukaufumbata umagwirana osachucha. Mukatero fafanizani kauna kanuko, mutsendereko pang'ono ndi chikhatho, ndipo muike nthambi yotsika kuchokera m'mwamba mpaka pamchenga kuti azitsika ndi kukwera yekha. Kubzalamo kachitsamba kakang'ono kumathandiza, poti amakonda kukumba m'mbali mwa mizu. Nyengo yozizira musakhazike ndowayo pasimenti kapena pamatailosi, yalani thabwa pansi pake. Mchenga wozizira ngati wa mufiriji amaukana.

Ine ndimalangiza kuti ndowayi izikhala m'kholamo nthawi zonse kuyambira wamkaziyo ali ndi miyezi 4 kapena 5. Kudikira kuti muone kaye zizindikiro ndi kumene kumachedwetsa anthu.

Akayamba kukumba, ntchito yanu yaikulu ndi kuchokapo. Apa ndiye pamavuta, chifukwa aliyense amafuna kuonerera, ana akufuna kujambula pafoni, galu naye akununkhiza. Nanzikambe akaona kuti chinachake chamuona akukumba, amaganiza kuti mazira ake adyedwa, ndipo amausiya unawo. Akasiya kawiri katatu mphamvu zimatha, nthawi yoikira imadutsa, mazira n'kukanirira. Kutani m'mbali mwa khola ndi chitenje, pamwamba musiye potseguka kuti mpweya uzilowa ndiponso nsalu isakhudze babu lounikira ndi kutenthetsa khola. Ngati mtima sukupirira, siyani kampata kakang'ono kosuzumira iye osakuonani. Magetsi aziyaka ndi kuzima nthawi yake ya masiku onse. Chotsani nkhululu zomudyetsa zimene zikuyendayenda m'kholamo, zingamulume ali kuuna. Kukumba kumatha kutenga maola angapo, kapena tsiku lathunthu ndi kupitirira, ndipo akhoza kugona momwemo usiku. Musamutulutse. Akamaliza kukumba amatembenuka, mchira mkati mutu kunja, n'kuikira. Kenako amakwirira, kutsendera ndi mapazi ndi mutu, n'kukwera panthambi ali mbuu ndi mchenga, mimba itaphwa, khungu lili makwinya. Pamenepo mupopereni madzi kwa nthawi yaitali amwe, mumupatse tizilombo towaza ufa wa kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa. Mazirawo muwafukule, muwawerenge, mulembe tsiku ndi chiwerengero. Ngati panalibe mwamuna sangaswe, atayeni.

Nanga wodwala mumudziwa bwanji? Yang'anani maso. Nanzikambe wathanzi satseka maso masana, amangowazunguliza uku ndi uku. Mukamupeza dzuwa lili pamutu maso ali tseke, kapena maso alowa mkati, zinthu zafika poipa. Zina ndi izi: zala sizikugwira nthambi mwamphamvu, wangokhala pansi osakumba, akukankha koma palibe chikutuluka, wayasamula kukamwa, wataya mazira awiri atatu ali panthambi koma mimba ikadali yotupa, kapena kanyama kofiira katuluka kumalo koikirira. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, ndowa siithandizanso. Pitani naye kwa dokotala wa zinyama tsiku lomwelo. Ngakhale akuoneka wamphamvu, ngati wakhala akukumba ndi kusiya mpaka masiku awiri osaikira, imbani foni mufunse. Nyama imeneyi imabisa matenda, pamene ikuonetsa kufooka imakhala itavutika kale.

Ndikupempheni ndithu, musamufinye mimba. Mazira ake ndi a chikopa chofewa, ndipo njira imene amadutsamo ndi yopyapyala kwambiri. Dzira likaphulikira mkati kapena njirayo ikang'ambika, mimba imaola ndipo sachira. Musamupake kapena kumumwetsa mafuta ophikira. Musamuviike m'beseni la madzi ofunda, zimangomuopseza n'kumutheratu mphamvu. Musamuthire madzi kukamwa mokakamiza, amatsamwa n'kulowa m'mapapo. Mankhwala a anthu, ngakhale kachidutswa ka Panado, ayi.

Si chipatala chilichonse cha agalu ndi amphaka chimene chimadziwa zokwawa, ndiye yambani mwaimba n'kufunsa ngati ali ndi dokotala woona ananzikambe ndi abuluzi. Akakanika iwo, apempheni akulozereni kwina. Ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, kumene kuli sukulu ya madokotala a zinyama ya University of Pretoria, kulinso chipatala choona mbalame ndi nyama zoterezi. Paulendo muikeni m'katoni yobowola timabowo, pansi muyale thaulo, mupingase kamtengo koti agwire, mutseke kuti mukhale mdima. Mu Juni ndi Julaye ikani botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu pambali pake, ndipo mutekisi katoniyo isakhale pawindo padzuwa. Tengani chithunzi cha khola, botolo la kashiamu amene mumagwiritsa ntchito, dzina la babu, ndipo mukumbukire tsiku limene anadya komaliza.

Dokotala amayamba ndi kumujambula X-ray kuti aone kuchuluka kwa mazira, kukula kwake ndi mmene mafupa alili. Ngati njira ili yotseguka ndipo nyamayo ikadali ndi mphamvu, amamupatsa madzi m'thupi, jakisoni wa kashiamu, kenako wa oxytocin wothandiza kukankha, n'kumubwezera kumchenga. Jakisoni ameneyu ndi woopsa m'manja mwa munthu wamba, chifukwa ngati dzira lapingasa amang'amba njira. Nthawi zina mazira amakhala sanachoke n'komwe m'chiwalo chimene chimawapanga ndipo alibe chikopa, pamenepo jakisoni sagwira. Chotsala ndi opaleshoni yochotsa mazira pamodzi ndi ziwalo zopangira mazira, ndipo akachira sadzaikiranso. Wofika msanga ali ndi mphamvu amapirira opaleshoni, wofika atalefuka nthawi zambiri sadzuka.

Kwa inu amene nanzikambeyo ndi wa abwana, ndikudziwa mantha amene amabwera, oti mwina anena kuti mwalakwitsa ndinu. Musabise. Jambulani kavidiyo mutumize pa WhatsApp nthawi yomweyo, munene zimene mwaona, mupemphe chilolezo chopita naye kuchipatala, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Zoterezi zimadya ndalama zambiri, si zoti mutulutse m'thumba mwanu. Chabwino koposa ndi kufunsiratu asananyamuke ulendo: "Bwana, akadwala ndipite naye kuti, ndipo alipira ndani?"

Kusowa pokumba ndi chifukwa chimodzi, china chachikulu ndi kuperewera kwa kashiamu. Thupi limamufuna popanga chikopa cha mazira komanso kuti minofu ikankhe. Kuti kashiamuyo alowe m'thupi pamafunika vitamini D3, amene khungu limapanga likawombedwa ndi kuwala kwa UVB, mbali ya kuwala kwa dzuwa imene maso athu saiona. Galasi la pawindo limatchinga kuwala kumeneku, ndiye khola kukhala pawindo sikokwanira. Pamafunika babu lalitali la UVB pamwamba pa waya, ndipo lisinthidwe pakatha miyezi 6 mpaka 12 ngakhale likuyakabe, chifukwa mphamvu yake imatha maso athu osaona. Lembani tsiku logulira pababupo. Dzuwa la m'mawa la kuno nalonso ndi mankhwala: tulutsani khola lawaya panja, mbali ina ikhale pamthunzi, inu muli pafupi chifukwa cha amphaka ndi mbalame. Magetsi akazima maola ochepa palibe choopsa, koma akakhalitsa dzuwa lomweli ndilo likuthandizeni. Tizilombo tiziwazidwa ufa wa kashiamu wopanda D3 pafupifupi nthawi zonse, ndipo wa mavitamini kawiri pamwezi. Nkhululu zomwezo muzizidyetsa mpiru, karoti ndi maungu musanamupatse. Mukaona miyendo ikupindika kapena chibwano chafewa, mafupa ayamba kale kusungunuka.

Chikondi chambiri nachonso chimapweteka. Wamkazi wodyetsedwa mokhuta tsiku lililonse, pansi pa babu lotentha kwambiri, amapanga mazira ochuluka kuposa mphamvu zake. Akakula, tizilombo 3 kapena 4 modumphitsa tsiku n'tokwanira, ndipo pamalo pothera dzuwa pakhale madigiri 26 mpaka 28. Madzi samwera m'mbale, amanyambita madontho pamasamba. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, chisanu chake n'chouma ndipo usiku kumatha kugwa chipale, choncho popereni masamba m'mawa ndi madzulo, ndipo khola lisagone panja. Mbali yoyera ya chitosi chake ikasanduka yachikasu chodera, ndiye kuti madzi akuchepa m'thupi.

Anzanga a kugadeni, cha m'Malichi ndi Epulo mukhoza kupeza nanzikambe wobiriwira wa m'tchire, yemwe uja wa kwathu wa timakutu kuseri kwa mutu, ali pansi akukumba m'bedi la maluwa. Sakudwala, akuikira. Musamunyamule kuti mukamusamalire m'nyumba, ndipo musagule amene amagulitsidwa m'mbali mwa misewu. Malamulo a ku Gauteng salola kusunga nyama zakutchire za m'dziko muno popanda chilolezo. Mangirirani galu, imitsani makina otchetchera kapinga mbali imeneyo, mumusiye amalize. Akachoka zikani timitengo kuzungulira malowo ndipo muuze eni nyumba, chifukwa mazirawo amakhala m'nthaka miyezi 9 mpaka 12 asanaswe, ndipo pasalimidwe. Ngati wavulala kapena wagona pansi maso ali tseke, imbirani a Johannesburg Wildlife Veterinary Hospital, amene amathandiza nyama zakutchire za m'dziko muno mwaulere.