Momwe mungaonere Omega Centauri muli mu Harare muno

Kumwamba, chakumwera, kuli kadontho kena kamene ndi maso chabe kamaoneka ngati nyenyezi yodwala, yosanyezimira, yokhala ngati yakutidwa ndi utsi. Ameneyo ndiye Omega Centauri, ndipo si nyenyezi imodzi ayi. Ndi nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni zounjikana ngati njuchi pamtengo, ndipo kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 17,000 kuti kufike m'maso mwathu. Ptolemy, katswiri wakale wa zakuthambo, anakalemba ngati nyenyezi wamba cha m'chaka cha 150, Johann Bayer nayenso anapusitsika mu 1603 n'kukapatsa chilembo cha Omega monga ankachitira ndi nyenyezi. Edmond Halley ali pachilumba cha St Helena mu 1677 ndiye anaona kuti kanthuka si nyenyezi, ndipo James Dunlop mu 1826 anakafotokoza kuti ndi mpira wa nyenyezi zambirimbiri. Magulu obulungira otere odziwika mumlalang'amba wathu alipo oposa 150, ambiri amazungulira kunja kwa mbale ya mlalang'ambawo, ndipo Omega Centauri ndiye wamkulu pa onsewo. Ife a ku Harare tili ndi mwayi: amakwera madigiri 60 kuchokera pansi, pamene anthu a ku London samuona n'komwe.

Yambani ndi kusankha mwezi. Nthawi yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Julayi, mvula itatha. Pakati pa Epulo gululi limafika pamwamba penipeni cha m'ma 12 koloko usiku, pakati pa Meyi cha m'ma 10 koloko, kumapeto kwa Meyi cha m'ma 9 koloko, ndipo kumapeto kwa Juni cha m'ma 7 koloko, mdima utangogwira. Ikafika Ogasiti musavutike: utsi wa moto wa kutchire ndi fumbi zimaphimba thambo, komanso gululo limakhala litapendekera kale kumadzulo. Onaninso kalendala ya mwezi wa kumwamba. Usiku wopanda mwezi ndiye wofunika, masiku anayi kapena asanu mwezi usanaoneke kapena utangooneka kumene.

Za malo, anthu ambiri amathamangira ku Domboshava chifukwa kuli mdima ndi miyala yokwera. Kuipa kwake n'kwakuti Domboshava ili kumpoto kwa mzinda, ndiye mukayang'ana kumwera mumayang'ana kuwala konse kwa Harare. Ndi bwino mzinda ukhale kumbuyo kwanu: pitani mbali ya ku Lake Chivero kapena mumsewu wa ku Beatrice. Koma kunena zoona, gululi n'lowala moti ndi ma binoculars limaoneka ngakhale muli pabwalo ku Mufakose kapena ku Mabvuku, makamaka usiku umene magetsi athima dera lonse. Bola pasakhale babu la sola la aneba likukuombani m'maso.

Chida chake ndi ma binoculars a 7x50 kapena 10x50. Nambala yoyamba ndi kukuza, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, ndipo usiku yachiwiriyo ndiye yofunika chifukwa ndi imene imasonkhanitsa kuwala. Samalani ndi a pamsika amene amagulitsa ma binoculars a magalasi ofiira ngati magazi, olembedwa manambala oopsa ngati 60x90. Kufiirako kumangodya kuwala, ndipo mukayeza galasilo ndi rula mupeza kuti manambalawo ndi abodza. Musanalipire, yang'anani mlongoti wa netiweki kapena denga lakutali kwa mphindi imodzi yathunthu. Ngati chinthu chikuoneka pawiri kapena mutu wayamba kuwawa, ndiye kuti timagalasi ta m'kati totchedwa ma prism tinasuntha, musiyeni wogulitsayo ndi katundu wake ngakhale atsitse mtengo bwanji. Ogwiritsidwa kale ntchito koma a kampani yodziwika amaposa atsopano a m'bokosi lonyezimira.

Mukafika pamalopo thimitsani tochi, ikani foni m'thumba, dikirani mphindi 20 mpaka 30 kuti maso azolowere mdima. Kungoyang'ana WhatsApp kamodzi kokha, mwayambiranso. Ngati mukugwiritsa ntchito Stellarium, pulogalamu yoonetsa mapu a thambo imene ili ndi mtundu waulere pafoni, iikeni pa kuwala kofiira.

Tsopano pamene pamagona nkhani: kupeza Mtanda wa Kumwera weniweni, nyenyezi zinayi zooneka ngati mtanda zimene zingakulondolereni kwa Omega Centauri. Kumwamba kuli mitanda iwiri, ndipo wabodzawo ndi umene umaoneka bwino kwa munthu woyamba kumene. Mu Malichi ndi Epulo, cha m'ma 7 koloko, mtanda wabodza umakhala utaima pamwamba, waukulu, wooneka bwino, pamene weniweniwo uli m'munsi chakumanzere utagona cham'mbali. Choipitsitsa, pafupi ndi wabodzawo pali timagulu ta nyenyezi monga NGC 2516 ndi IC 2391, ndiye munthu amaloza ma binoculars pamenepo, n'kuona kamulu ka nyenyezi, n'kubwerera kunyumba akuti waona Omega Centauri. Sanamuone. Timagulu timeneto nyenyezi zake zimawerengeka imodziimodzi ngati mchere wotayika patebulo, pamene Omega Centauri m'ma binoculars nyenyezi zake siziwerengeka ngakhale pang'ono.

Kusiyanitsa kwake ndi uku. Mtanda weniweni ndi waung'ono: kutalika kwake ndi madigiri 6, kungopitirira pang'ono zala zitatu mutatambasula mkono. Wabodza umayandikira chibakera chathunthu, chimene ndi madigiri 10. Weniweni uli ndi kanyenyezi kachisanu kozimiririka m'kati mwake chapambali, nyenyezi ya kumutu kwake, Gacrux, ndi yofiirira, ndipo pamalo a mdima mumaona chigamba chakuda bii pambali pake, chimene ndi mtambo wa fumbi. Koma umboni wosatsutsika ndi nyenyezi ziwiri zowala kwambiri zimene zimauloza, Alpha Centauri ndi Hadar. Mtanda wopanda ziwirizi pambali pake ndi wabodza, musatayepo nthawi.

Mukazipeza, yang'anani kumwera pa maola atchulidwa aja. Mtanda udzakhala utaimirira, nyenyezi ziwirizo zili kumanzere kwake. Yoyandikira mtanda, yoyera mobiriwira, ndiye Hadar. Yakutali, yowala kwambiri ndiponso yachikasu pang'ono, ndi Alpha Centauri. Yambirani pa Hadar, kwezani maso m'mwamba mopendekera pang'ono kumanja, mtunda wosakwana chibakera, mupeza nyenyezi yowala pakatikati yotchedwa Epsilon Centauri. Pitirizani mzera womwewo mtunda wocheperako pang'ono, madigiri 6. Pamenepo ndi pamene pali kadontho ka utsi kaja. Ngati mwafika pa nyenyezi yakuthwa yonyezimira, mwapatukira kumanzere, imeneyo ndi Zeta Centauri, bwererani kumanja zala zitatu.

Musachotse maso pamalopo pokweza ma binoculars. Bweretsani chidacho kumaso, osati kuweramitsa mutu kuchifunafuna, apo ayi mutayanso malo. Fokasi ikonzeni kaye pa Alpha Centauri: tsekani galasi lakumanja, zungulizani gudumu lapakati mpaka nyenyezi ikhale kadontho kakang'ono, kenako tsekani lakumanzere n'kukonza ndi mphete ya padiso lakumanja. Ambiri amadumpha apa, ndiye nyenyezi iliyonse imaoneka yautsi, n'kumati paliponse ndi Omega Centauri. Chizindikiro choti mwalondola n'chakuti nyenyezi zonse zozungulira ndi zakuthwa ngati nsonga ya singano, koma pakati pali mpira wotuwa ngati thonje, wowala pakati n'kumazimiririka m'mphepete, wosabulungira kwenikweni koma wotambalala pang'ono. Pamalo a mdima weniweni kukula kwake kumafanana ndi mwezi wathunthu, mwinanso kuposa. Yang'anani pambali pake pang'ono, osati pakati penipeni, m'mphepetemo mudzakula, chifukwa mbali ya diso imene imamva kuwala kofooka ili m'mbali.

Manja amanjenjemera, makamaka mu Juni kuzizira kwa kuno kukafika pachimake, ndipo madigiri 60 amathyola khosi. Gonani chagada pamphasa kapena tsamirani denga la galimoto. Mame akagwa pagalasi musapukute ndi juzi, mukanda. Lowetsani chidacho m'jekete kwa mphindi zingapo.

Kuti nyenyezi zake ziyambe kuoneka payokhapayokha pamafunika telesikopu ya galasi la mamilimita 100 kapena kuposa, ndipo pa 150 m'mphepete monse mumangoti waa ngati shuga. Matelesikopu aang'ono a m'masitolo a zidole olembedwa 525x ndi otaya ndalama: galasi la mamilimita 60 silingakuze bwino kupitirira 120x. Chimene mukuonacho n'chakale zaka pafupifupi 12 biliyoni, mulifupi mwake kuwala kumayendamo zaka 150, ndipo akatswiri ambiri amati ndi mtima wa kamlalang'amba kakang'ono kamene kanamezedwa ndi wathuwu, chifukwa nyenyezi zake si za msinkhu umodzi monga zimakhalira m'magulu ena otere. Mu 2024 zithunzi za telesikopu ya m'mlengalenga ya Hubble zinaonetsa nyenyezi zisanu ndi ziwiri zothamanga modabwitsa pakati pake, umboni woti pali black hole, chinthu chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo, yolemera kuposa dzuwa nthawi zosachepera 8,200.

Kujambula ndi foni n'kotheka: iikeni pa tripod, sankhani night mode, masekondi 10, gwiritsani ntchito timer kuti musaigwedeze. Mupeza kadontho kotupa, osati za m'magazini.

Ngati nyengo yakudutsani, dikirani Okutobala kapena Novembala mvula isanalimbe, mufunefune 47 Tucanae, gulu lina lobulungira lotere, pambali pa Mtambo Waung'ono wa Magellan, kamlalang'amba kooneka ngati kamtambo kumwera. Kagwiritsidwe ntchito ka ma binoculars ndi komweka, kungoti amakwera madigiri 36 okha, ndiye mitengo ndi madenga a kumwera zisakutchingeni.