Mukapeza sounder m'thilanki ya agogo musakagulitse kwa a zitsulo

Mwezi watha tikusesa m'nyumba ya malemu agogo aamuna ku Chinamwali tinapeza kachitsulo kolemera ndithu pansi pa thilanki, kokhomeredwa pa kathabwa, mkuwa wake utabiriwira. Msuweni wanga amvekere uwu ndi msampha wa makoswe tikagulitse pa sikelo. Anatiletsa ndi amalume, "ana inu siyani, imeneyo ndi sounder ya lamya, bambo ankadyera pomwepo ku positi." Ine mawu oti sounder ndinali ndisanawamvepo, ndiye ndinakhala nawo pakhonde mpaka dzuwa kupendeka akundilongosolera.

Tiyambe ndi lamya. Lero pa wailesi akati lamya ya m'manja timadziwa kuti ndi foni, koma akuluakulu ngati amalume akati "kunabwera lamya" amatanthauza telegalamu, uthenga wodzera pa waya. Pa waya ameneyo sipankayenda mawu a munthu ayi, pankangoyenda magetsi odulidwadulidwa. Wotumiza ankadina kiyi, kachitsulo kokhala ndi kamutu kakuda ngati batani, ndiye kutsidya kolandirako nkumene kumakhala sounder, ntchito yake kusandutsa magetsiwo kukhala phokoso loti khutu limve. Dzinalo ndi la Chingerezi lochokera ku mawu otanthauza kulira, tinene kuti cholira. Ndiye osamasakaniza, kiyi imatumiza, sounder imalandira, lamya ndi dongosolo lonselo. Munganene kuti "kalaliki analandira uthenga pa sounder" koma simunganene kuti anautumiza pa sounder.

Kuizindikira sikovuta. Yang'anani makoyilo awiri, kutanthauza waya wokulungidwakulungidwa, oimirira ngati timigolo, pamwamba pake payenda kamtanda ka chitsulo kogwidwa ndi sipuling'i, ndipo kumapeto kwa kamtandako kuli masikulu awiri, ina pansi ina pamwamba. M'mbali mwa thabwa muona pomangira mawaya pawiri. Ngati chanucho chili ndi kamutu kodina koma chopanda makoyilo, imeneyo ndi kiyi.

Kagwiridwe kake ndi komwe kanandisangalatsa ine. Magetsi akalowa makoyilo aja amasanduka maginito nkukokera kamtanda pansi, kamveke thi! Magetsi akaduka sipuling'i imakabweza m'mwamba kukagunda sikulu inayo, tha! Basi kulira kwake nkomweko, palibe zija za pii pii timamva m'mafilimu, zimenezo ndi za pa wailesi. Chinsinsi chagona pa mpata wa pakati pa thi ndi tha, ukafupika ndi kadontho, ukatalika ndi kamzere, ndipo kamzere kamatalika ngati timadontho 3. Pakati pa zilembo pamakhala kachete kofanana ndi timadontho 3, pakati pa mawu 7. Khutu la munthu likazolowera silimawerenganso madontho koma limangomva chilembo chathunthu, amalume amati agogo ankalemba uthenga uku akucheza ndi munthu pa windo osaphonya.

Chodabwitsa nchakuti poyamba sizinakonzedwe kuti anthu azimvetsera. Pamene Samuel Morse ankatumiza uthenga kuchoka ku Washington kupita ku Baltimore mu 1844, makina olandirira ankalemba zizindikiro pa kapepala kakatali, koma makalaliki anayamba kumva uthengawo pa kugogoda kwa makinawo asanayang'ane nkomwe pepala, ndiye pambuyo pake kunangopangidwa chida cholira chokha. Kuno kwathu waya anabwera m'zaka za m'ma 1890 ndi kampani ya African Transcontinental Telegraph ya Cecil Rhodes, amene ankafuna kulumikiza Cape Town ndi Cairo. Zomba panthawiyo ndiye linali likulu la boma, mpaka 1975 pamene linasamukira ku Lilongwe, choncho waya sakanailambalala, anadutsa ku Blantyre ndi kuno nkutsata nyanja mpaka ku Karonga. Ndipo kufunika kwake muonere apa, usiku wa pa 23 January 1915 anthu a John Chilembwe anadula mawaya kuti mbiri isafike msanga kwa atsamunda.

Tsono mukafuna kuyesa yanuyo ngati ikadali moyo, pukutani fumbi ndi kansalu kouma kaye. Chonde osaikwecha ndi mchenga kapena phulusa ngati poto, mufufuta manambala ndi dzina la amene anaipanga, nzimene zimasonyeza zaka zake. Dinani kamtanda ndi chala muone ngati kakubwerera kokha, kakauma donthezani kamafuta ka mashini osokera pamene kamtandako kagwirira pokhapo. Kenako tengani mabatire awiri a tochi, waya mmodzi mangirirani, winayo muzingokhudzitsa nkuchotsa. Ikapanda kugwedezeka musafulumire kunena kuti yafa, ena mwa masounder ankafuna mphamvu yochulukirapo kapena sipuling'i yangomangika kwambiri, masulani pang'ono muyesenso. Koma ku soketi ya magetsi a m'nyumba ayi ndithu, muotcha makoyilo ndipo inuyo mutha kuvulala.

Kuti muphunzire kumva yambani ndi zilembo ziwiri zophweka, E ndi kadontho kamodzi, T ndi kamzere kamodzi. Wina azikhudzitsa waya inu mutatembenukira kumbali, chifukwa mukamayang'ana kamtandako maso ndi amene amaphunzira khutu nkutsalira. Zikalowa pitani ku dzina la kwathu kuno ku Zomba, Z ndi --.. O ndi --- M ndi -- B ndi -... A ndi .- ndipo muona kuti O ndi M zimasokoneza koyamba mukapanda kusiya mpata wabwino pakati, zimangomveka ngati timizere 5 totsatana. Ine zinanditengera madzulo atatu.

Yathuyi inalira ulendo wachiwiri titamasula sipuling'i, mokweza kuposa momwe ndimaganizira, mpaka nkhuku pabwalo zinadzidzimuka. Amalume anaiyika m'kabokosi ka matabwa kotsegula mbali imodzi, akuti ku positi inkakhala m'kabokosi kotere kuti phokoso lizilunjika kukhutu kwa kalaliki. Anandilanda waya uja nkuyamba kukhudzitsa okha, manja akunjenjemera, anagogoda dzina la agogo lonse osalakwitsa chilembo.