Kagalimoto ka kaunjika koti mukwanemo inu, tenti ndi galu: kasankhidwe kake kuno ku Harare

Abale anga aku Mufakose, Mbare, Tafara, Dzivarasekwa ndi nonse amene timapezana pa Nyamapanda tikamapita kumudzi, iyi ndi ya inu amene muli ndi galu ndipo mukufuna kagalimoto koti pa wikendi muzithawirako kunja kwa tauni kukagona mu tenti. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka, ati munthu nyumba ali nayo koma akukagona kutchire mwadala, galu nayenso kumukweza mgalimoto ngati mlamu wake. Sekani basi, ife zinatikoma kale.

Choyamba choti mumve ndi ichi, galimoto imeneyi musakasankhe ndi maso anu, mukasankhe ndi thupi la galu wanu. Ine ndinalakwitsa pomwepa. Ndinagula Vitz chifukwa inali yowala komanso yosamwa mafuta, ulendo woyamba Dekhani, galu wanga wa makilo 30, anakhala pamwamba pa kulabokosi mutu uli khotee kudenga, tenti ili pamiyendo ya mayi akunyumba, ndipo tisanafike ndi pa Norton pomwe anali atasanza kale pa bulangete. Ndiye musanapite kulikonse tengani tepi yoyezera. Galu agone chammbali mmene amagonera akatopa, muyeze kuchokera kumphuno mpaka potulukira mchira, kenako akhale tsonga muyeze kuchokera pansi mpaka pamwamba pa makutu. Manambala awiri amenewo mulembe mufoni. Kenako unjikani pabwalo katundu yense wa ulendo, tenti, matiresi, mbaula, chigubu cha malita 20, kulabokosi, mipando yopinda, thumba la makala, muone mulu wake. Ambiri timadabwa, katundu wa masiku awiri amachuluka ngati wa munthu amene akusamuka.

Ukafika pogulitsa magalimoto anyamata aja amakuuza kuti buti ndi ya malita akutiakuti, zimenezo zisiyeni, galu si madzi. Chofunika ndi pansi pa buti, pakhale pafulati, mipando yakumbuyo ikapindidwa pasakhale sitepe kapena mpata woti mwendo wa galu ungalowemo, chitseko chakumbuyo chikhale choimirira osati chopendekeka chifukwa galasi lopendekeka limadya malo a mutu komanso dzuwa limamuwotcha pamsana pomwe. Onaninso kutalika kwa polowera kuchokera pansi, galu wamng'ono amadumpha paliponse koma akamakalamba mudzayamba kumunyamula ndinu, msana wake ndi wanu womwewo.

Tsopano magalimoto ake. Honda Fit aliyense amaidziwa, ili mbwee mtauni muno, ndipo kunena zoona pa tigalimoto tating'ono palibe yoiposa pa malo amkati. Chinsinsi chake thanki ya mafuta anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye kumbuyo kunatsala kopanda kanthu, mipando imagona mpaka pansi, kapena mutha kungodzutsa pokhalira pake mmwamba galu nkumalowera chitseko chammbali nkugona pansi penipeni kumbuyo kwa dalaivala, buti yonse nkutsalira katundu. Kwa anthu awiri ndi galu mmodzi zimenezi nzokwana. Vuto lake ndi kufupika, pansi pake ndi masentimita 15 okha kapena kucheperapo, mukadzaza katundu imakhalanso pansi kwambiri ndipo msewu wafumbi wa miyala mumva ikukwecha mimba. Fit yakale ija ya GD1 ili ndi mapulagi 8 osati 4, amakaniko ena amasintha anayi akutsogolo okha, komanso giyabokosi yake yosintha yokha, yotchedwa CVT, imakonda kunjenjemera ponyamuka ngati anaithira oyilo wolakwika, imafuna oyilo wake wa CVT basi. Ngati ikunjenjemera poyesa, musamvere zoti "ndi pulagi chabe mdara", isiyeni.

Ngati Fit mwaikonda koma mukufuna buti yotalikirapo, pali Fit Shuttle imene inayamba kutuluka 2011, ndi Fit yomweyo koma anaikoka kumbuyo.

Koma ine mtima wanga uli pa Toyota Corolla Fielder, ndipo ndi imene ndili nayo pano. Si yokongola kwenikweni, ndi galimoto ya munthu wamkulu, koma buti yake ndi yaitali moti ana atha kukhala pampando wakumbuyo galu nkukhala ndi malo akeake, ndipo mvula ikakupezani usiku tenti itayamba kudontha mumangopinda mipando munthu nkugona momwemo miyendo itapindika pang'ono. Injini ya 1.5 ija, 1NZ, imayendera tcheni osati lamba, ndipo ndi yomweyo ili mu Probox ndi ma Toyota ena ambirimbiri, ndiye sipeya mupeza kwa Kaguvi, ku Gazaland, ngakhale makaniko wa pansi pa mtengo ku Rusape amaidziwa. Pa ulendo wakutchire chimenechi ndi chachikulu kuposa china chilichonse, galimoto yoti ikafa pakati panjira aliyense atha kuigwira.

Probox nayo, tisainyoze. Ndi bokosi, dzina lake likunena kale, inayamba 2002 ngati galimoto ya katundu, imanyamula mpaka makilo 400, pansi pake pafulati ndipo mkati mulibe zamanyado zoti galu angawononge, ubweya ndi matope mumangosesa. Kungoti masipuling'i akumbuyo ndi olimba, ikakhala yopanda katundu imadumpha pa mabampu ngati ngolo, galu wa mimba yofooka asanza, ndipo mpando wakumbuyo ndi benchi chabe, apongozi musawakwezepo ulendo wa ku Nyanga. Nissan AD Van ndi mnzake wa khalidwe lomwelo. Sienta ili ndi zitseko zokoka, zabwino kwambiri potsitsa galu pamalo opanikiza, mipando yachitatu imabisika pansi, denga lalitali. Funcargo inasiya kupangidwa 2005, malo inali nawo ambiri koma zotsala pamsewu pano zatopa zedi.

Nanga X-Trail ndi Forester? Izi ndi za amene mukufunadi kulowa misewu yoipa nthawi ya mvula, Forester pansi pake ndi masentimita 20 kapena kuposa ndipo imakoka ndi matayala onse, X-Trail buti yake ndi ya pulasitiki yotsukika, ngati anapangira eni agalu. Koma dziwani kuti mafuta zimamwa, matayala ake ndi odula, ndipo pa Subaru matayala onse anayi amafunika akhale ofanana, zogula limodzilimodzi la kaunjika sizigwirizana nayo. Dzifunseni moona mtima kuti pachaka mudzachoka pa tala kangati. Harare mpaka Nyanga ndi makilomita pafupifupi 270 ndipo ndi tala, Kariba ndi 365 talanso, kungoti maenje. Kulipira mafuta a 4x4 chaka chonse popita kuntchito chifukwa cha makilomita 10 a fumbi, ine ndinakana.

Za hybrid, zoyendera mafuta ndi batire zija, ndinenepo pang'ono poti Aqua ndi Fit hybrid zachuluka. Mafuta zimasunga, palibe wotsutsa, koma batire lake limazizira ndi mphepo yochokera mkati mwa galimoto, ndipo polowera mphepoyo pali chakumpando wakumbuyo, pomwe galu wanu amathothokera ubweya. Ubweya ndi fumbi zikatseka fani batire limatentha nkuyamba kufa. Ngati mwagula, musatseke polowerapo ndi bulangete kapena chikwama, ndipo fani ija izitsukidwa kawirikawiri. Komanso zambiri zatsopanozi zimabwera ku Japan zopanda tayala la sipeya, mumangopeza kabotolo ka guluu ndi kapampu, dzutsani kapeti ya mu buti muone nokha. Tayala long'ambika pa dzenje la msewu wa Chirundu guluu sangalithandize, mufunika tayala lenileni, ndipo malo ake muwawerengeretu pa katundu uja.

Apa ndiye pamene pagona nkhani kuno ku Harare. Magalimoto ngati Fit, Probox, Sienta, Wish ndi Funcargo ndi omwewo a mushikashika, matakisi opanda chilolezo aja, ndipo kuyambira 2021 pomwe boma linaletsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10, zakalezi timangogulitsana tokhatokha, ndiye mwayi wogula imene yakhala ikunyamula anthu 8 tsiku ndi tsiku ndi waukulu. Amaipenta, amaitsuka injini, mileji amabweza, koma zizindikiro sizibisika. Imani patali muone ngati kumbuyo kwakhala pansi. Tsegulani ndi kutseka chitseko chakumanzere chakutsogolo ndi chakumbuyo, ngati zalendewera kapena zikufuna kumenyetsa ndiye zatsegulidwa kambirimbiri. Onani kapeti ya mu buti ndi pamwamba pa bampala yakumbuyo, ngati papalika ndi nsapato ndiye anthu ankakhala mu buti. Pakati pa mipando yakutsogolo, pa handibuleki paja, pakakhala pophwanyika ndiye ankakhazikapo munthu. Mileji ikunena 70,000 koma chiwongolero chili see ngati mpini wa khasu wa agogo ndipo raba ya pa buleki yadyeka mpaka chitsulo, pamenepo pali bodza. Pitani ndi makaniko wanu, osati amene wogulitsa wakupezerani, ndipo mufike mmawa injini isanalizidwe kuti mumve kalilidwe kake ikali yozizira ndi kuona utsi wake.

Poyesa musangozungulira buloko. Kwerani chitunda, dutsani pa mabampu mumve mashoko, yatsani eyakoni galimoto itaima kwa mphindi 10 kenako mukhale kumbuyo nokha mumve ngati mphepo ikufikako, chifukwa tigalimoto timeneti tambiri tilibe potulukira mphepo kumbuyo ndipo galu satuluka thukuta ngati ife, amangopuma wefuwefu. Kutentha kwa Okutobala ku Kariba kumafika madigiri 40, galu wotsekeredwa mu buti yopanda mphepo atha kufa inu mukuyimba nyimbo kutsogolo. Mawindo akumbuyo nawonso atseguke onse, ndipo loko wa mawindo agwire ntchito poti Dekhani anaphunzira yekha kuponda batani. Ngati wogulitsa alola, galuyo bwerani naye akwere, yalani chitenje kuti musakangane. Akakana, tepi yanu ija igwire ntchito.

Mapepala musachite nawo ulesi. Nambala ya injini ndi ya chasisi zifanane ndi zomwe zili mbuku, dzina la mbuku lifanane ndi chitupa cha amene akugulitsa, ndipo ndalama zonse musapereke musanapite limodzi kwa apolisi a VTS, oona za magalimoto obedwa, kuti akaone ngati si yakuba, kenako kwa amisonkho a ZIMRA ndi ku kaundula wa magalimoto wa CVR kusintha dzina. Funsaninso ngati laisensi ya pamsewu ya ZINARA ilibe ngongole, chifukwa ngongoleyo imatsata galimoto ndipo idzakupezani inu. Mathirayango awiri, chozimira moto, jeke, sipanala ya matayala ndi vesti yowala zikhalemo musananyamuke, pa rodibuloko amafunsa.

Mukagula, musathamangire marimu ndi masipika. Gulani kaye matayala abwino, kenako neti kapena chitsulo chotchinga pakati pa buti ndi mipando kuti mukaponda buleki mwadzidzidzi galu asaulukire kutsogolo, raba yoyala pansi kuti asamatererke pokhota, ndi keriya ya padenga ya zinthu zopepuka ngati matiresi ndi mipando. Zolemera, madzi ndi kulabokosi, zikhale pansi komanso zomangidwa, kumbali ina osati yomwe kuli galu. Silinda ya gasi ndi chigubu cha petulo musaike pamodzi ndi galu.

Chinanso chomwe ambiri amadziwira pa geti, mmapaki a nyama a boma a ZimParks agalu salowa, ndiye za Mana Pools kapena Hwange ndi galu iwalani, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chomwe 4x4 mwina simukuifuna. Malo anu ndi makampu a anthu wamba, mafamu ndi madamu, ndipo muyimbe kaye foni kufunsa ngati amalola galu. Khadi la katemera wa chiwewe liyende nanu, mankhwala a nkhupakupa mumuthire musananyamuke chifukwa matenda a nkhupakupa amapha agalu ambiri kuno, chigwa cha Zambezi kulinso kashembe. Mmphepete mwa nyanja za Kariba ndi Chivero galu akhale pa chingwe, ng'ona zimagwira agalu, ndipo madzi a Chivero asamwe, mu Disembala 2024 zipembere 4 zinafa zitamwa madzi omwewo, ndiye chigubu chija mudzaze kunyumba.

Ulendo woyamba musayambire kutali. Ife Fielder titangoigula tinapakira zonse ngati tikupita ku Nyanga koma tinangolowera cha ku Domboshava, makilomita 30 basi, Dekhani tinamupatsa chakudya maola atatu tisananyamuke kuti asasanze, ndipo ndi komweko tinazindikira kuti kulabokosi imatsekereza potsegulira jeke, moti mpaka lero imakhala kuseri kwa mpando wa mayi akunyumba.