Kuwerengera magetsi musanaike amplifaya m'galimoto

Musanagule amplifaya, yang'anani mawati a RMS, omwe ndi mphamvu imene imatulutsa mosalekeza, osati nambala yaikulu ya pakatoni yomwe amangokopera nayo ogula. Gawani mawatiwo ndi 0.8 ngati amplifayayo ili ya mtundu wa Class D, kapena ndi 0.6 ngati ili ya Class AB, kenako mugawenso ndi mavoti 13.8, omwe amakhala pa batire injini ikulira, kuti mupeze maampu omwe idzakoke. Motero amplifaya ya Class D ya mawati 1,000 imafuna maampu pafupifupi 90 mukaikweza mpaka kumapeto, ngakhale kuti nyimbo sizikoka onsewo nthawi zonse.

Alternator (makina opanga magetsi injini ikamalira) ya galimoto yaing'ono ngati Corolla kawirikawiri sifika maampu 100, ndipo ambiri mwa iwo amathera kale ku nyali, mafani ndi injini. Mukakhala pamdipiti wa magalimoto mumsewu wa Great East ku Lusaka madzulo, injini ikungolira pansipansi, imapereka ochepa kuposa pamenepo.

Yezani mavoti ndi multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) pa batire injini ikulira. Mavoti akamatsika pansi pa 12.5 ndipo nyali zikuphethira besi ikagunda, yambani ndi kukulitsa mawaya atatu: wochoka ku alternator kupita ku batire, ndi awiri a ethi (olumikiza batire ndi injini ku thupi la galimoto), onse akopa weniweni. Zikapitirira, pamafunika alternator yaikulu, pakuti batire yachiwiri imangosunga magetsi, siipanga. Fyuzi ya pa waya wopita ku amplifaya ikhale pasanapitirire masentimita 45 kuchokera pa batire.