Momwe mungawerengere alto clef ndi ma C clef ena

Ambiri amene anaphunzira manoti pa piyano kapena mu kwaya amadziwa zizindikiro ziwiri zoyambira pa mizere isanu ija: treble clef ndi bass clef. Akangopatsidwa pepala la viola, chida cha zingwe chonga vayolini koma chokulirapo, amapeza chizindikiro chachilendo chooneka ngati B wamkulu, ndipo manoti onse amene ankawadziwa asintha mayina. Chizindikirocho ndi C clef. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuloza pamene pali C wapakati, uja ali chapakati pa piyano, amene amanjenjemera pafupifupi ka 262 pa sekondi.

Choyamba, yang'anani pakati pa chizindikirocho, pamene mbali zake ziwiri zakumana. Mzere umene wadutsa pamenepo ndiye C wapakati. Werengani mizere kuchokera pansi. Ngati C ali pa mzere wachitatu, imeneyo ndi alto clef. Akakhala pa wachinayi, ndi tenor clef. Pa woyamba ndi soprano clef, pa wachiwiri mezzo-soprano, pa wachisanu baritone. Atatu omalizawa mudzawapeza makamaka m'mabuku akale a nyimbo za kwaya, monga makope akale a nyimbo za Bach, choncho musataye nawo nthawi yambiri pakadali pano.

Mukapeza C, lowezani mapu a alto clef. Mizere, kuchokera pansi, ndi F, A, C, E, G. Mipata ya pakati pa mizere ndi G, B, D, F. Lembani mizere isanu papepala, ikani C pakati, kenako kwerani ndi kutsika noti imodzi imodzi uku mukutchula dzina lake mokweza. Ngati pali piyano pafupi, muzikhudza noti iliyonse kuti khutu nalo lizolowere, osati maso okha.

Apa ndi pamene ndimasemphana ndi aphunzitsi ena. Iwo amati werengani alto ngati treble, kenako mukweze noti ndi sitepe imodzi ndi kuitsitsa ndi octave (mtunda wochokera pa noti kufika pa noti yotsatira ya dzina lomwelo). Masamu ake ndi oona ndithu: mzere wapakati ndi B mu treble, koma ndi C mu alto. Njirayi imathandiza mukafuna kutsimikiza noti imodzi. Koma nyimbo ikathamanga, mutu sungathe kuchita masamu pa noti iliyonse, ndipo woimba amene anazolowera njirayi amachedwa mpaka kalekale. Ndi bwino kuvutika milungu yoyambayo, C n'kukhazikika m'maso.

Amene amaimba viola ali ndi mwayi, chifukwa zingwe zake zinayi, C, G, D ndi A, zimapereka malo ena okhazikika. G ali mu mpata woyamba, D mu mpata wachitatu, A ali mu mpata wa pamwamba pa mzere wachisanu, ndipo C wa chingwe chachikulu ali pansi pa kamzere kowonjezera kamodzi kunsi kwa mizere isanu. C yemweyo mukamulemba mu treble clef, afunika timizere towonjezera tinayi. Ndicho chifukwa chake alto clef sinathe ntchito: mawu a viola ali pakati, okwera kwambiri kwa bass, otsika kwambiri kwa treble.

Chotsatira ndi kuona zizindikiro za kiyi, ma sharp ndi ma flat olembedwa pambali pa clef, zimene nazo zimasamuka. Mu alto clef, F sharp amalembedwa mu mpata wachinayi, B flat mu mpata wachiwiri. Inu ozolowera tonic sol-fa, musaganize kuti C wa clef ndi doh nthawi zonse. Doh amasuntha malinga ndi kiyi, pamene C wapakati sasuntha. Mu kiyi ya G, mzere wapakati wa alto clef ndi fah.

Tenor clef muiyambe alto itakhazikika, osati limodzi, chifukwa zimasiyana ndi mzere umodzi wokha ndipo n'zosavuta kuzisokoneza. Mizere yake ndi D, F, A, C, E, mipata E, G, B, D. Oimba zida za mawu otsika monga cello, bassoon ndi trombone amakumana nayo nyimbo ikakwera, kenako amabwerera ku bass clef, nthawi zina pakati pa mzere wa nyimbo pomwe. Choncho musanayambe kuimba, pitani ndi pensulo tsamba lonse ndi kuzunguliza paliponse pamene clef yasintha. Dziwaninso kuti oimba tenor mu kwaya masiku ano sagwiritsa ntchito tenor clef kawirikawiri. Manoti awo amalembedwa mu treble clef yokhala ndi ka 8 kunsi, kutanthauza kuti mawu amamveka octave imodzi pansi.

Poyeserera, tengani kanyimbo kamene mumakadziwa pamtima kolembedwa mu treble, mukalembenso mu alto ndi dzanja, kenako mukaimbe kuchokera pa pepala lanulo. Mukalakwitsa noti, khutu lidzakuuzani nthawi yomweyo. Musalembe mayina a manoti pamwamba pake, chifukwa maso amathamangira zilembozo n'kusiya mizere.