Mphunzitsi wa pa intaneti: mmene mungadziwire ngati mukufunikadi webusaiti, ndi mmene mungaikonzere

Aphunzitsi ambiri amene ayamba kuphunzitsa paokha kudzera pa foni amathamangira kufuna munthu wowapangira webusaiti asanapeze n'komwe ophunzira khumi. Ndalama zimapita, tsamba limatuluka lokongola, koma palibe wolitsegula. Musanalipire aliyense, yankhani kaye funso ili: ophunzira anu amakupezani bwanji?

Tengani kope, lembani onse amene mwawaphunzitsa m'miyezi itatu yapitayi, ndipo pambali pa aliyense lembani njira imene anakudziwirani. Ngati pafupifupi onse ndi ana a Fomu 4 okonzekera mayeso a MSCE, amene makolo awo anamva za inu kutchalitchi kapena kwa kholo linzawo, webusaiti sikuthandizani panopa. Ambiri mwa iwo amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, ndipo bandulo yotere sitsegula masamba ena. Mwana akadina linki yanu, foni imangozungulira, kenaka amagwa ulesi n'kusiya.

Kwa ophunzira otere, konzani bwino zimene muli nazo kale. Ikani WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere, ndipo mu catalog, malo ake oonetsera malonda, mulembemo maphunziro anu, masiku ndi mitengo, kuti musamayankhe funso limodzimodzi kakhumi pa tsiku. Gulu la WhatsApp limalola anthu mpaka 1,024, koma musadzazemo aliyense. Phunziro lililonse likhale ndi gulu lake, ndipo nthawi yophunzitsa tsekani kuti mulembe inu nokha, apo ayi manotsi anu amamira m'ma "mwadzuka bwanji". Manotsi muzitumiza ngati PDF yopepuka. Mukafuna kuonana maso ndi maso, kumbukirani kuti Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40, pomwe Google Meet imafika mphindi 60 mukakhala atatu kapena kuposerapo. Malipiro alowe pa Airtel Money kapena Mpamba mwezi usanayambe.

Nkhani imasintha mukayamba kufuna anthu amene sakukudziwani. Mlendo amene akubwera kudzagwira ntchito ku Lilongwe ndipo akufuna kuphunzira Chichewa, kapena kholo lachimalawi ku Johannesburg kapena ku Manchester lofuna kuti mwana wake asataye chinenero cha kwawo, amayamba ndi kufufuza pa Google. Google siona zimene zili mu WhatsApp yanu. Munthu woteroyo satumizanso ndalama kwa nambala yafoni chabe, amafuna aone nkhope, maphunziro anu ndi mtengo wolembedwa poyera.

Palinso nkhani ya ndalama zodulidwa. Masamba osonkhanitsa aphunzitsi, monga Preply ndi italki, amakupezerani ophunzira koma amatengapo gawo pa phunziro lililonse. Preply imatenga ndalama yonse ya phunziro loyamba la wophunzira watsopano. Poyambira ndi pabwino ndithu, koma amene amadzera pa tsamba lanulanu sakudulitsani chilichonse. Chenjezo: musakokere kunja ophunzira amene mwawapeza pa masamba amenewa, malamulo awo amaletsa ndipo angakutsekereni akaunti. Ganiziraninso tsiku limene foni yabedwa kapena nambala yatsekedwa. Wopanda tsamba amasowa poyambira, pomwe mwini tsamba amangosintha nambala pamenepo.

Ngati mwaona kuti mukuifunadi, yambani ndi tsamba limodzi lokha. Google Sites, pulogalamu yopangira masamba, ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi Gmail, ndipo mungathe kumaliza ntchitoyi madzulo amodzi pa kompyuta. Pamwamba penipeni lembani chimene mumaphunzitsa ndi amene mumawaphunzitsa, mwachitsanzo "Masamu ndi Physics a Fomu 3 ndi 4" kapena "Chichewa kwa oyamba kumene". Pansi pake ikani chithunzi chanu chimodzi chowala bwino, maphunziro amene munachita, kutalika kwa phunziro, masiku, mtengo ndi njira yolipirira. Mtengo musaubise. Anthu ambiri akaona "tiimbireni kuti mudziwe mtengo" amaganiza kuti ndi wokwera, ndipo saimba n'komwe.

Kenaka ikani batani lopita ku WhatsApp. Linki yake imayamba ndi wa.me/ n'kutsatira nambala yanu yoyamba ndi 265, yopanda + komanso yopanda 0 wa kumayambiriro. Ambiri amalakwitsa pomwepa: sachotsa 0 uja, batani n'kumanena kuti nambalayo kulibe. Onjezani fomu ya Google Forms ya mafunso anayi okha: dzina, kalasi, phunziro ndi nthawi imene munthuyo amapezeka. Ngati muli ndi ophunzira akunja, lembani kuti nthawi zanu ndi za ku Malawi, chifukwa ku Britain amasintha mawotchi kawiri pa chaka, ndiye kusiyana kumakhala ola limodzi kapena awiri.

Dzina lanulanu la tsamba, lomwe amati domain, mugule pokhapokha tsamba laulerelo litabweretsa anthu. La .com limalipiridwa chaka chilichonse m'madola, nthawi zambiri pakati pa 10 ndi 20, ndipo chaka choyamba amachitchipitsa dala, choncho onani mtengo wa chaka chachiwiri. La .mw limalembetsedwa kudzera ku bungwe la Malawi SDNP. Chofunika koposa, dzinalo lilembetsedwe pa imelo yanu, osati ya amene akukupangirani tsamba. Mukasemphana naye iye n'kusowa, tsamba lapita naye limodzi. Tsiku lolipiranso mulilembe pakalendala ndipo mukonzekere mwezi wathunthu lisanafike, popeza kulipira kunja ndi khadi ya banki kumavuta ndalama zakunja zikamasowa. Likadutsa tsikulo tsamba limazima, ndipo pakapita nthawi dzina angaligule wina.

Musanauze anthu, yesani tsambalo pa foni yaing'ono ya Android pamalo pomwe netiweki ndi yofooka. Likachedwa kutseguka, vuto kawirikawiri ndi zithunzi. Chithunzi chochokera mu kamera chimafika 3 MB kapena kuposa, ndiye chichepetseni chisapitirire 200 KB. Vidiyo ikani pa YouTube n'kungoika linki. Zithunzi za ana ndi zotsatira za mayeso zokhala ndi mayina musaike popanda chilolezo cha makolo.

Pomaliza lembetsani tsambalo mu Google Search Console, chida cha Google cha eni masamba, kuti lizipezeka pofufuza, ndipo muike linki yake pa WhatsApp Business ndi pa Facebook panu. Pakatha miyezi itatu bwererani ku kope lija, muwerenge kuti ophunzira atsopano amene anadzera pa tsamba ndi angati. Ngati ndalama zimene abweretsa sizikukwana kulipirira domain, khalani pa tsamba laulere.