Momwe mungasankhire bowa woti mutengepo mbewu kuti zokolola zichuluke

Mlimi amene ali ndi kachisakasa ka bowa wa oyisitala kuseri kwa nyumba, kaya ku Machinjiri kapena ku Chirimba, amafika nthawi yofuna kupanga mbewu yakeyake m'malo mogula nthawi zonse. Njira yodalirika ndi yotenga kachidutswa ka mnofu wa bowa n'kukameretsa m'botolo, monga timachitira ndi chinangwa, chimene timabzala phesi lake ndipo chimabereka zofanana ndi kholo. Fumbi loyera limene bowa wokhwima amagwetsa limameranso, koma ana ake amasiyanasiyana, pomwe kachidutswa ka mnofu kamasunga khalidwe lonse la kholo, labwino ndi loipa lomwe. N'chifukwa chake ndimaona kuti ntchito yaikulu ili pa kusankha kholo.

Tiyambe ndi kuchotsapo bowa amene simungamuwete. Utale wa pachulu umadalira chiswe, ndipo ndelema ndi manyame amadalira mizu ya mitengo ya m'nkhalango monga mombo ndi msuku, choncho ngakhale mutamugula wokongola bwanji mumsika wa Limbe nthawi ya dzinja, sadzabereka m'thumba la mapesi. Khalani ndi oyisitala, amene amadya zomera zakufa monga mapesi a chimanga, zotsalira za thonje ndi masamba ouma a nthochi.

Kusankha kumayamba tsiku lothira mbewu, bowa asanaoneke n'komwe. Lembani nambala pa thumba lililonse, yezani pa sikelo mapesi ouma amene mwaikamo, ndipo lembani m'kope tsiku limene ulusi woyera wa bowa, umene umamera kuchokera m'mbewu, wadzaza thumba lonse. Kawirikawiri zimenezi zimatenga masabata atatu kapena anayi. Thumba limene layera msanga, popanda chigamba cha chuku chobiriwira kapena fungo lowawasa, liikeni chizindikiro, pakuti ulusi wofulumira umalanda chakudya chuku chisanakhazikike. Mukayamba kukolola, yezani bowa wa thumba lililonse payekha. Ambiri amaidumpha ntchito imeneyi poiona yotopetsa, koma maso amakopeka ndi bowa mmodzi wamkulu, pamene sikelo imakuuzani thumba limene labereka kwambiri.

Pamenepa ndiye pofunika kudekha. Bowa wa chipewa chachikulu ngati mbale amasangalatsa, koma nthawi zambiri wakula chotero chifukwa anamera yekha pabowo la thumba, kapena thumba lake linali pafupi ndi khomo pamene mpweya umalowa bwino ndipo madzi amafikapo kawirikawiri. Ubwino wa malo sulowa m'mbewu. Chimene mukufuna ndi tsango lodzaza, la bowa wambiri wofanana msinkhu, wa mnofu wochindikala ndi tsinde lalifupi, lotuluka pa kukolola koyamba. Tsinde lalitali ndi kachipewa kakang'ono nthawi zambiri zimasonyeza kuti m'chisakasa mulibe mpweya wokwanira kapena kuwala, choncho musafulumire kuliweruza thumba lotero musanayang'ane pamene linaikidwa. Yerekezerani matumba amene ali pa thandala limodzi, othiridwa madzi mofanana.

Ganiziraninso za nyengo. Mu Blantyre muno, bowa amene wachita bwino mu June ndi July, chiperoni chikuwomba, sikuti adzachitanso chimodzimodzi mu October dzuwa litakwiya. Mlimi wofuna kugulitsa chaka chonse achita bwino kusankha kholo limodzi m'nyengo yozizira ndi lina m'nyengo yotentha, n'kulemba mwezi wake pa botolo.

Mukapeza tsango loyenera, thyolani bowa wamng'ono amene m'mphepete mwa chipewa chake mukadali mopindikira pansi. Wokhwima kwambiri, wofota, wobooledwa ndi mphutsi za tintchentche kapena wokhala ndi mawanga achikasu, msiyeni apite kundiwo. Musathire madzi m'mawa wa tsiku limenelo, chifukwa bowa wonyowa amalowetsa tizilombo m'kati mwa mnofu, ndipo gwirani ntchitoyo tsiku lomwelo mwathyola.

Chakudya cha m'botolo chikonzedwe kale. Wiritsani magalamu 200 a mbatatesi mu lita imodzi ya madzi, sefani, ndipo m'madziwo thirani magalamu 20 a gulukosi ndi magalamu 20 a agar, ufa wolimbitsa chakudyacho, amene amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za mulabotale. Thirani pang'ono m'mabotolo aphwatalala, tsekani ndi thonje, phikani m'poto wa presha kwa mphindi 20, kenaka agonekeni chopendeka kuti chakudyacho chiume motambalala. Tsekani mazenera, pukutani tebulo ndi manja ndi spiriti, ndipo wotchani nsonga ya kampeni pa lawi mpaka ifiire, n'kuidikira kuti izizire. Bowayo musamudule, koma mung'ambe pakati ndi zala kuchokera kuchipewa, kuti mpeni usadutse pakhungu lakunja pamene pali dothi ndi chuku. Tengani kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga pamalo pamene tsinde likumana ndi chipewa, kaponyeni m'botolo pafupi ndi lawi, ndipo tsekani msanga. Pangani mabotolo anayi kapena asanu pa kholo lililonse, popeza ena adzaonongeka ndithu, makamaka poyamba.

Pakatha masiku atatu mpaka asanu, mudzaona ulusi woyera ukutuluka m'kachidutswako ngati ubweya wa thonje. Kusankha kukupitirira pamenepanso. Sungani botolo limene ulusi wake ukuyanga mofanana mbali zonse, ndipo limene laonetsa zobiriwira, zakuda kapena zonanda ngati mamina, liwiritseni lisanatsegulidwe n'kutaya zam'katimo kutali ndi chisakasa.

Musaike chikhulupiriro chonse pa kholo limodzi. Tengani makolo atatu, aliyense mumupangire mbewu yake pa mapira ophikidwa m'poto wa presha, ndipo mubzale matumba khumi a aliyense tsiku limodzi, ndi mapesi amodzimodzi, pambali pa matumba khumi a mbewu yogula. Phatikizani kulemera kwa zokolola zoyamba, zachiwiri ndi zachitatu, ndipo amene wapambana ndiye mbewu yanu. Botolo lake loyamba lisungeni mufiriji, osati mbali youmitsa madzi, ndipo mbewu yatsopano muzitenga kuchokera m'menemo. Mukamangotenga mbewu pa mwana, kenaka pa mdzukulu, ulusi umafooka ndipo matumba amayamba kuchedwa kuyera. Mukaona chizindikiro chimenecho m'kope lanu, funsani alangizi a zaulimi kapena akatswiri a ku Bvumbwe za kumene mungapeze mbewu yatsopano, n'kuyambiranso kulemba manambala pa matumba.